A KWA MBENJE AONA KANEMA WA MWANA WOGWIDWA NDI ACHIFWAMBA, AFUNSA ZA WOGULA

Kanema wa ku Zambia wotchedwa Can You See Us? wautsa mtsutso pakati pa anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje, m'boma la Nsanje, ndipo mtsutsowo sunathere m'nyumba yoonetseramo kanema ai, koma unatulukira kunja, nufika pa msika, pa chigayo ndi m'chipinda chopumuliramo aphunzitsi. Wolemba nkhani ino anakhala nawo pa benchi usiku umene kanemayu anaonetsedwa, natsalira masiku awiri kuti amve zimene anthu analikunena. Zimene anamvazo ziyenera kufika m'makutu a antchito a Boma ndi aphunzitsi, pakuti nkhani yake ikhudza miyoyo ya ana amene ali m'manja mwawo.

Awerengi a m'mizinda asaganize za holo ya mipando yofewa. Nyumba ya kanema ya kuno ndi chisakasa cha malata ndi mphasa, chokhala ndi mabenchi a matabwa, wailesi ya kanema imodzi pamwamba pa tebulo, ndi chimkuzamawu chachikulu pakhomo choitanira anthu odutsa mu msewu wa M1. Dzina la kanema wa tsikulo limalembedwa ndi choko pa bolodi. Masiku ambiri bolodilo limanena za nkhonya za ku China, za maukwati a ku India kapena za ufiti wa ku Nigeria, zonse zomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amalankhula pamwamba pa mawu a eni ake, nawonjezapo nthabwala zawo. Koma usiku umenewu kunalibe wanthabwala. Chingerezi cha m'kanemayo anachimasulira mnyamata wina wa Folomu 4, ndipo pamene ochita sewero analankhula chinenero cha ku Lusaka anthu anadzimvera okha. Kutentha kwa m'Chigwa cha Shire kunali kosasimbika, koma palibe mwamuna amene anatuluka kukapuma mphepo.

NKHANI YA KANEMAYO

Kanemayu anatuluka m'chaka cha 2022, ndipo womutsogolera ndi Kenny Mumba. M'mwezi wa Ogasiti 2023 anakhala kanema wamtali woyamba wa ku Zambia kulowa pa Netflix. Maziko ake ndi moyo wa John Chiti, woimba wa ku Zambia amene anabadwa wachialubino, nakanidwa ndi bambo wake, ndipo atakula anayambitsa bungwe la Albinism Foundation of Zambia. M'kanemamo mwanayo atchedwa Joseph. Tsiku limene abadwa, bambo wake Kennedy aona khungu lake nakana kuti mwanayo si wake. Mayi wake Chama achotsedwa pa banja, ndipo woyendetsa takisi, Martin, ndiye awatola nalera mwanayo ngati wake. Joseph akula mobisidwa, asekedwa ndi anzake, aphunzira gitala kwa munthu amene anthu a m'deralo amamuyesa wamisala. Tsono tsiku lina amuna amugwira kuti amudule chiwalo, chifukwa cha bodza lija lakuti ziwalo za munthu wachialubino zimalemeretsa. Apulumuka, nakula, nakhala woimba.

Gawo la kugwidwa kwa mwanayo ndi lalifupi ndithu poyerekeza ndi kanema yense. Koma ndilo limene anthu a kwa Mbenje analigwira, osalitaya. Pamene linafika, chisakasa chonse chinangoti zii. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi khomo ananyamuka, nakoka mwana wake pa dzanja, natuluka. Wolemba nkhani ino anadziwa m'mawa mwake kuti mayiyo ali ndi mwana wina kunyumba, wachialubino, ndipo tidzabweranso kwa iye.

DANDAULO LA AGOGO

Woyamba kupereka maganizo anali mkulu wina wa imvi, amene anthu onse amangomuitana kuti agogo. Iye anakumbukira masiku a ubwana wake, pamene galimoto ya Boma inali kufika pa bwalo ndi makina a kanema, nsalu yoyera nipachikidwa pa mitengo iwiri, ndipo womasulira nkumafuula pa chimkuzamawu. Zimenezo nzoona. Bungwe la Central African Film Unit, limene linakhazikitsidwa ku Salisbury m'chaka cha 1948 ndi kutha m'chaka cha 1963, linali kukonza akanema a anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, ndipo kawirikawiri nkhani yake inali ya mlimi wanzeru ndi mlimi wopusa, wanzeruyo nkulemera, wopusayo nkusauka. Agogowo anati m'masiku amenewo munthu ankapita kukagona mtima uli m'malo, pakuti woipa anali kulandira chilango chake nsalu isanatsitsidwe. Koma kanema wa leroyu, anatero, anamusiya ndi njala: anaona manja amene anagwira mwana, koma sanamuone munthu amene anatuma manjawo, kapena thumba limene ndalama zake zinayenera kuchokera.

Mawu amenewa ndiwo anakhala mutu wa mtsutso wonse. Mnyamata wina wa kabaza anavomereza, nati iye amawadziwa amuna a mtundu umenewo, anthu ovala zigamba, amene sanagwirepo ndalama yokwanira kugula njinga. Tsono ngati iwo ndiwo akuba, wogula ndani? Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anatsutsa. Iye anati kanema si bwalo la milandu, ndipo eni ake anafuna kuti tione mwanayo, monga dzina la kanemayo lifunsa, osati kuti tiyang'ane achifwamba. Anawonjeza kuti amuna a m'chisakasamo anakondwera kukamba za wogula wosadziwika chifukwa nkhani ya bambo wokana mwana wake inawakhala pakhosi. Panali kuseka, koma kuseka kwake kunali kochepa.

Wolemba nkhani ino aona kuti onse awiri ananena zoona, koma mayi wa nsombayo anafika pafupi ndi chilonda. Tiyeni tione chifukwa chake.

ZIMENE MAKHOTI ATHU ANAPEZA

Dziko lino silifunikira kanema wa ku Zambia kuti lidziwe nkhanza zimenezi. Kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2014 milandu ya kuba ndi kupha anthu achialubino, ndi ya kufukula manda awo, inachuluka kwambiri. Lipoti la bungwe la Amnesty International la m'mwezi wa Juni 2016 linawerenga anthu osachepera 18 ophedwa ndi ena 5 obedwa osapezekanso kuyambira mu Novembala 2014. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho cha 2016, Ikponwosa Ero, katswiri wa United Nations pa za anthu achialubino, anayendera dziko lino nachenjeza kuti anthuwa angathe kutheratu ngati zinthu sizisintha. Nyumba ya Malamulo inakonzanso malamulo a milandu m'chaka chimenecho, nikhwimitsa zilango za opezeka ndi mafupa kapena ziwalo za anthu, ndipo Boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka za 2018 mpaka 2022 yotetezera anthu achialubino.

Koma mlandu umene uyankha funso la agogo aja, ngakhale suliyankha lonse, ndi wa MacDonald Masambuka wa ku Machinga, mnyamata wa zaka 22, amene anasowa m'mwezi wa Malichi 2018, mtembo wake nupezeka pa 1 Epulo. Pa 28 Epulo 2022 Khoti Lalikulu, pamaso pa Justice Dorothy NyaKaunda Kamanga, linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayo. Taonani mndandanda wake: munali wansembe, munali wapolisi, munali wogwira ntchito ya chipatala, ndipo munali mbale wake weniweni wa malemuyo. Khoti linamva kuti mnyamatayo ananyengedwa kuti amupezera mkazi woti akwatire. Pa 27 Juni chaka chomwecho anthu 5 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse, ndipo wansembeyo analandira zaka 30.

Tsono amene akuganiza kuti mlandu uwu ndi wa anthu osaphunzira a kumudzi alingalirenso. Atatu mwa anthu amenewa anali anthu ophunzira. Ndipo amene akuganiza kuti wakuba mwana ndi mlendo wochokera kutsidya kwa malire, monga anthu a kuno amakonda kunena poloza ku Mozambique, akumbukire kuti khomo linatsegulidwa ndi wam'nyumba. Mayi wa nsomba uja sanawerenge chigamulo cha khoti, koma anadziwa kuti mwana amayamba kugulitsidwa tsiku limene abale ake aleka kumuyesa munthu. Bambo wokana mwana pa tsiku lobadwa ndi m'bale womupereka kwa achifwamba ayenda njira imodzi, wina ali kumayambiriro, wina kumapeto.

Kunena za wogula wamkulu, ameneyo makhoti sanamuonetsebe poyera ndi dzina lake. Amene agwidwa ndi mafupa kawirikawiri amapezeka alikufunafuna msika, ndipo ena anagwidwa pamene anatsatsa katundu wawo woopsayo kwa munthu amene anakawaneneza ku polisi. Mwina msikawo ulipo ndipo wabisika bwino. Mwina mbali yaikulu ya msikawo ndi mphekesera chabe, imene imayenda pakamwa ndi pakamwa, mtengo wake nukwera pa kamwa lililonse. Ngati zili choncho, ndiye kuti anthu afera ndalama zimene palibe anazigwirapo. Wolemba nkhani ino sadziwa chimene chili choopsa koposa pa ziwirizi.

MPHUNZITSI ABWERETSA NKHANI YA KU ROME

M'chipinda cha aphunzitsi cha sukulu ina ya sekondale m'derali mtsutso unayenda njira ina. Mphunzitsi wa mbiri yakale, amene amaonera akanema pa foni yake, anati anzakewo ayerekeze kanemayu ndi wina wa ku America, All the Money in the World, amene Ridley Scott anatulutsa m'chaka cha 2017. Nkhani yake inachitikadi. Pa 10 Julaye 1973 achifwamba anaba John Paul Getty III, mnyamata wa zaka 16, mu mzinda wa Rome, nafuna dipo la madola 17 miliyoni. Agogo ake, J. Paul Getty, mwini zitsime za mafuta, anali mmodzi wa anthu olemera koposa pa dziko lapansi, koma anakana kulipira, nanena kuti ali ndi zidzukulu zina 14, ndipo akalipira kakobiri kamodzi zonsezo zidzabedwa. Uyu ndi munthu amene anaika telefoni yoponyamo ndalama m'nyumba yake ya Sutton Place ku England kuti alendo azidzilipirira okha. Patapita miyezi, achifwambawo anadula khutu la mnyamatayo nalitumiza ku nyuzipepala ina ya ku Rome. Pamenepo dipo linatsika kufika pafupifupi madola 3 miliyoni. Mkuluyo anapereka 2.2 miliyoni, ndiwo malire a ndalama zimene akanatha kuchotsera pa msonkho, ndipo zotsalazo anakongoza mwana wake, bambo wa mnyamatayo, pa chiwongoladzanja cha 4 pa 100 iliyonse. Mnyamatayo anamasulidwa pa 15 Disembala 1973.

Mphunzitsiyo anati kusiyana kwake ndi uku: ku Rome wakuba anafunika kusunga mwanayo wamoyo, kumudyetsa ndi kumufunditsa, pakuti mtembo sulipiridwa dipo, koma kuno wakuba satumiza kalata, safuna kukambirana ndi makolo, ndipo mayi alibe ngakhale mwayi wogulitsa mbuzi zake kuti awombole mwana. Ku Rome anaba mwana wa wolemera. Kuno amaba mwana wa wosauka, wogona m'nyumba ya chitseko cha bango. Mnzake wophunzitsa masamu anaona kufanana m'malo mwa kusiyana, ndipo anali ndi mfundo: pa anthu 9 amene anamangidwa ku Italy, awiri okha ndiwo anapezeka olakwa pa kubako, akuluakulu a gulu la achifwamba namasulidwa posowa umboni, ndipo ndalama zambiri za dipolo sizinapezeke. Tsono funso la agogo a kwa Mbenje lafunsidwanso m'Chitaliyana.

Aphunzitsi aakazi awiri sanafune kumva za Getty. Iwo anati amuna alikuthawira ku Ulaya, pamene m'makalasi mwawo momwemo ana amaitana mnzawo wachialubino kuti ndalama, mphunzitsi namva, napitiriza kulemba pa bolodi.

ZA KUKHULULUKA

Mapeto a kanemayo anagawa anthu koposa. Bambo uja amene anakana mwana adzamva chisoni, nakumananso ndi mwana wake atakula. Amayi ambiri a mpingo analira, nati umo ndimo ziyenera kukhalira. Koma anyamata anang'ung'udza. Mmodzi anafunsa ngati bamboyo akanamvanso chisoni mwanayo akanakhala wopemphetsa pa msika wa Bangula m'malo mwa kukhala woimba wotchuka. Funso limeneli wolemba nkhani ino alibe yankho lake, ndipo aganiza kuti eni kanema nawonso analidumpha. Dziko lathu lili ndi anthu achialubino otchuka: Lazarus Chigwandali, woimba amene kanema wa moyo wake anaonetsedwa ku New York m'chaka cha 2019, ndi Overstone Kondowe, amene m'chaka cha 2021 anasankhidwa ku Nkhotakota kukhala phungu woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo. Koma kalembera wa chaka cha 2018 anawerenga anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Ochuluka a iwo sadzagwira gitala kapena kuima pa nsanja. Adzalima mapira ndi thonje, adzaweta mbuzi, ndipo ayenera kukhala amoyo popanda kuyamba atchuka.

Pa chinthu chimodzi chokha wolemba nkhani ino analowerera mtsutsowo, pakuti anamva bambo wina alikunena kuti Kennedy anali ndi chifukwa chokayikira mkazi wake. Ai ndithu. Chialubino ndi kusowa kwa melanin, chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndipo mwana sabadwa nacho pokhapokha atalandira mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri angathe kukhala akuda bii, nanyamula mbewuyo osadziwa; zikatero, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi kuti mwana adzakhala wachialubino. Motero khungu la mwanayo silitsutsa bambo, koma limuchitira umboni kuti naye anaperekapo gawo lake. Mafupa a mwanayo ndi mafupa monga a wina aliyense, mulibe golide, mulibe chizimba. Ndime imeneyi mphunzitsi wa sayansi angathe kuiphunzitsa m'mphindi 10, ndipo nzachisoni kuti bambo wa ana asanu anaimva koyamba pa khonde la nyumba ya kanema.

MAYI AMENE ANATULUKA

M'mawa wa tsiku lachiwiri wolemba nkhani ino anaperekezedwa kwa mayi uja. Sitidzatchula dzina lake kapena mudzi wake, ndipo awerengi adziwa chifukwa chake. Tinamupeza alikupeta mapira pa khonde, mwana wake wamkazi wa Sitandade 3 atakhala m'kati mwa nyumba pothawa dzuwa. Mayiyo anati sanatuluke chifukwa chodana ndi kanemayo. Anatuluka chifukwa pamene anaona amuna aja pa galasi, anakumbukira kuti mwana wasiyidwa ndi agogo ake okalamba, ndipo miyendo inanyamuka yokha. Anafotokoza kuti amamuperekeza ku sukulu m'mawa uliwonse ndi kukamutenga masana, kotero kuti ganyu wa m'mawa anamusiya. Pamene madzi a namondwe Freddy anawathamangitsa m'mwezi wa Malichi 2023, nakagona pa msasa pamodzi ndi anthu ambirimbiri osawadziwa, iye anamanga chitenje chimodzi m'chiuno mwake ndi m'chiuno mwa mwanayo usiku uliwonse kuti wina akamukoka adzidzimuke.

Koma pamene tinamufunsa chimene amaopa koposa, sanatchule achifwamba. Anaitana mwanayo, natisonyeza timabala ta pa khosi ndi pa milomo. Madokotala amanena kuti khansa ya pakhungu imapha anthu achialubino ambiri koposa zikwanje, ndipo kuno ku Chigwa, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mwana wosavala chipewa amapsa tsiku limodzi. Mafuta oteteza khungu amaperekedwa ulere m'zipatala za Boma akakhalapo, koma ulendo wake umadya ndalama ya kabaza. Kanemayo, anatero mayiyo, anaonetsa mpeni, koma dzuwa sanalionetse mokwanira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ifika pa tebulo la awerengi athu. Mphunzitsi wamkulu safunikira kalata yochokera ku Lilongwe kuti alole mwana wachialubino kuvala chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali pamwamba pa yunifolomu, kapena kuti amuchotse pa mzere wa padzuwa nthawi ya asembule. Maso a ana amenewa saona patali. Mwanayo akhale kutsogolo, aloledwe kuyandikira bolodi, ndipo mayeso ake alembedwe m'zilembo zazikulu. Ana ambiri otere amayesedwa mbuli pamene vuto lawo ndi lakuti sanaone chimene chinalembedwa. Mlangizi wa zaumoyo amene amayenda ndi katemera m'midzi angathe kunyamulanso mabotolo a mafuta aja. Ndipo mwana akajomba masiku awiri, mphunzitsi atume munthu kunyumba tsiku lomwelo, osadikira Lolemba.

Pali nkhani inanso imene a ofesi ya Bwanamkubwa ayenera kuiganizira. Lamulo loyang'anira akanema ndi zisangalalo, la chaka cha 1968, lilipo, koma m'zisakasa zimenezi ana a zaka 7 amakhala pansi kutsogolo kufikira usiku, naona zilizonse zimene mwini wake waika. Aphunzitsi ena anati gawo la mpeni lija siliyenera ana. Ena anati ana omwewo ndiwo amaitana mnzawo kuti ndalama, tsono aone kumene dzinalo limathera, koma aone masana, mphunzitsi ali pambali kuti afotokoze.

Mayi uja anagwirizana ndi gulu lachiwirili. Anatipempha kuti tikanene kwa mwini chisakasa kuti adzaonetsenso kanemayo Loweruka masana, pakuti iye afuna kuona mapeto ake, ndipo afuna kuti mwana wake aone Joseph alikuimba. Koma usiku sangayende naye. Tinapereka uthengawo. Mwini chisakasa anayankha kuti Loweruka masana ndi nthawi ya mpira wa ku England, umene umadzaza mabenchi onse, koma Lachitatu angathe kuyesa, ngati magetsi sazima.